MASELO AMENE AGWIRANA MANJA: M'MENE THUPI LA NYAMA LIMANGIDWIRA

Mau kwa aphunzitsi

Phunziro iri ndi la ana a m'makalasi apamwamba a sukulu ya pulaimale. Musanaliyambe, konzani dzira la nkhuku limodzi, mbale, botolo loonekera m'kati, madzi, mafuta ophikira pang'ono ndi mapepala. Lembani pa bolodi mau atatu awa: selo, mluza, cadherin. Maina a akatswiri ndi zaka zimene anagwira nchito zao taziikamo kuti ana aone kuti nzeru izi zinapezeka pang'onopang'ono ndiponso ndi anthu a maiko osiyanasiyana. Musawaumirize kuziloweza pamtima. Cofunika ndi cakuti mwana aliyense athe kufotokoza ndi mau ake cifukwa cake thupi silimwazika, ndi m'mene ziwalo zifikira pa malo ake.

Funso lathu lalero

Anyamata ndi atsikana, nonse mudziwa kuti thadzi likafungatira mazira kwa masiku 21, anapiye amatuluka. Mudziwanso kuti mukaswa dzira loikira kumene, mupezamo zinthu ziwiri cabe, coyera ndi cacikasu. Mulibe mlomo, mulibe nthenga, mulibe fupa ngakhale limodzi. Koma patapita masabata atatu, m'cigoba comweco mutuluka kanthu kamoyo, ka maso awiri, mtima umodzi, ciwindi ndi matumbo, ndipo ciwalo ciriconse ciri pa malo ake oyenera. Khungu liri kunja, ubongo uli m'kati mwa mutu. Palibe mmisiri amene analowa m'cigobamo kukayala zinthuzi. Nanga cinaziika m'malo mwake nciani? Iri ndilo funso limene tifuna kuyankha.

Selo ndi mluza

Thupi la nyama iriyonse linamangidwa ndi tinthu tamoyo tating'onoting'ono tochedwa maselo. Selo ndi laling'ono kwambiri, kotero kuti ambiri a iwo saoneka popanda maikulosikopu, makina aja a magalasi okuza zinthu. M'thupi la munthu wamkulu muli maselo okwana pafupifupi 30,000,000,000,000. Onsewa anacokera ku selo limodzi, limene kukula kwake ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Selo limenelo linagawika pakati nakhala awiri, awiriwo nakhala 4, kenaka 8, kenaka 16, ndi kupitirira cotero. Kanthu kamene kakukula motere m'dzira kapena m'mimba, kasanaoneke ngati nyama yeniyeni, timakacha mluza. Mukayang'anitsitsa pamwamba pa cacikasu ca dzira la nkhuku, muona kadontho koyera. Pamenepo ndi pamene mluza wa mwanapiye uyambira. Cacikasu conse cotsalaco ndi cakudya cake.

Tsono kuculuka kwa maselo pakokha sikupanga thupi. Mulu wa njerwa si nyumba, ngakhale njerwazo zikhale zikwi zambiri. Pafunika cozimata, ndiponso pafunika kuti njerwa iriyonse ikhale pa mzere wake. Nchito ya mluza ndi yovuta koposa ya womanga nyumba, pakuti njerwa zake ndi zamoyo: zimayenda, zimasintha maonekedwe, ndipo zimadzipezera zokha pokhala.

Mluza ukakula pang'ono, maselo ake amadziyala m'miyalo itatu, monga mabulangete atatu osanjikiza. Muyalo wakunja udzapanga khungu, ubongo ndi mitsempha ya uthenga. Wapakati udzapanga minofu, mafupa ambiri, magazi, mtima ndi impso. Wam'kati udzapanga khoma la m'kati la matumbo ndi mapapo, pamodzi ndi ciwindi. Sungani bwino miyalo itatu iyi, cifukwa tikumana nayo posacedwa.

Nyama imene inasefedwa pa nsalu

M'nyanja zazikulu za mcere muli nyama yochedwa siponji. Siyenda, imamera pa miyala ngati bowa, ndipo thupi lake liri ndi tizibowo tambirimbiri. Siponji ya ku sitolo imene mutsukira mbale inatengera dzina kwa nyama imeneyi. M'caka ca 1907, Henry Wilson, mphunzitsi wa za nyama pa yunivesite ya North Carolina ku America, anatenga siponji yamoyo naifinyira pa nsalu ya silika, monga m'mene mai asefera ufa. Thupi lonse linaphwanyika, ndipo cimene cinagwera m'mbale ya madzi a m'nyanja cinali ngati phala la madzimadzi, selo lirilonse palokha.

Munthu akanaganiza kuti nyamayo yafa. Koma Wilson poyang'ana pa maikulosikopu anaona maselowo akukwawa pansi pa mbale. Akakumana anali kugwirana, timagulu tating'ono tinali kuphatikana ndi tinzake, ndipo patapita masiku panaoneka timasiponji tatsopano ta tizibowo take. Iye ndi ena amene anatsatira pambuyo pake anaonanso cinthu cina: akasakaniza maselo a mitundu ina iwiri ya siponji, maselo a mtundu uliwonse anali kugwirana ndi a mtundu wao. Apa tiphunzirapo kuti comata maselo sicifanana ndi ulimbo. Ulimbo umagwira mbalame iriyonse yotera pa iwo, ngakhale tsamba kapena nchenche. Comata maselo cimasankha.

Maselo a cule adziwa kwao

Siponji ndi nyama yosavuta mapangidwe. Kodi zomwezi zingacitike kwa nyama ya mutu ndi msana? Yankho linaperekedwa m'caka ca 1955 ndi Johannes Holtfreter, katswiri wocokera ku Germany amene anali kuphunzitsa pa yunivesite ya Rochester ku America, pamodzi ndi wophunzira wake Philip Townes. Iwo anatenga miluza ya acule ndi nyama zina za banja lomwelo, nadula tizidutswa ta miyalo ija, natiika m'madzi a mankhwala omasula maselo. Pofuna kudziwa kumene selo lirilonse lidzapita, anasankha miluza ya maselo osiyana mtundu, ena akuda, ena oyererako.

Atasakaniza maselo amene akanapanga khungu ndi amene akanapanga ubongo, onse anagwirana napanga kampira ka mawangamawanga. Koma kampirako sikanakhale cotero nthawi yaitali. Pang'onopang'ono maselo a khungu anatulukira kunja nakuta kampira konse, ndipo a ubongo analowa m'kati nasonkhana pamodzi. Atasakaniza maselo a miyalo yonse itatu, a muyalo wakunja anabwerera kunja, a wam'kati anapita m'kati, ndipo a wapakati anakhala pakati pa awiriwo, monga m'mene akhalira mu mluza wosakhudzidwa.

Patapita zaka ziwiri, mu 1957, Aron Moscona anasakaniza maselo a mluza wa nkhuku ndi a mluza wa mbewa. Maselo opanga fupa lofewa, longa lija la ku khutu ndi ku nsonga ya mphuno, anagwirana napanga fupa limodzi, osasamala kuti ena ndi a nkhuku ndipo ena ndi a mbewa. Koma maselo a fupa ndi a impso akasakanizidwa anali kulekana. Cotero kwa nyama zimenezi selo limayang'ana makamaka nchito ya mnzake: wa fupa afuna wa fupa, wa impso afuna wa impso.

Wogwira zolimba akhala pakati

Kodi selo, limene liribe maso kapena nzeru, lidziwa bwanji kuti malo ake ndi kunja kapena m'kati? Mu 1963 Malcolm Steinberg wa ku America anati kufotokoza kwake nkosavuta. Thirani madzi ndi mafuta ophikira m'botolo, mukhutcumule mwamphamvu, ndipo muliike pa tebulo. Posacedwa ziwirizi zilekana, popanda wozilamula, kaamba kakuti tizigawo ta madzi timakokana mwamphamvu tokhatokha ndi kukankhira mafuta pambali. Steinberg anati maselo acita cimodzimodzi. Amene agwirana zolimba amakokana kufikira apanga mfundo pakati, ndipo amene agwirana mofooka amafinyidwira kunja, nazungulira anzaowo. Masiku ano akatswiri adziwa kuti kukungika kwa khungu la selo lirilonse kumathandizanso pa nchitoyi, koma mfundo yaikulu ya Steinberg inatsimikizika. Cimene cinatsala ndico kupeza dzanja lenilenilo limene maselo agwiranira.

Dzanja lipezeka

Panali cizindikiro cimodzi cakale. M'caka ca 1900, Curt Herbst wa ku Germany anali kufufuza miluza ya nyama ina ya m'nyanja, ya minga thupi lonse ngati kanungu. Atacotsa kashiamu m'madzi m'mene munali miluzayo, maselo ake anaphwasuka ngati mikanda ya pa ulusi woduka. Atawabwezera m'madzi a kashiamu, anagwirananso. Kashiamu ndi mcere uja wolimbitsa mafupa, mano ndi cigoba ca dzira, umene tiupeza mu mkaka ndi mu kapenta. Koma kwa zaka zoposa 70 panalibe anadziwa cifukwa cake maselo aufuna kuti agwirane.

Amene anamasula mfundoyi ndi Masatoshi Takeichi wa pa yunivesite ya Kyoto ku Japan. Mu 1977 anaonetsa kuti maselo ali ndi njira ziwiri zogwiranira, ina yofuna kashiamu, ina yosafuna. Anapezanso kuti pa khungu la selo pali puloteni imene kashiamu amaiteteza. Mau akuti puloteni mwawamva pa phunziro la zakudya zomanga thupi, monga nyemba, nsomba ndi mazira. Thupi limaphwanya zakudya zimenezo ndi kupanga nazo mapuloteni ake ake a mitundu zikwi zambiri, iriyonse ndi nchito yake. Mu 1984 Takeichi ndi anzake anacha puloteni yao dzina lakuti cadherin, polumikiza mau awiri a Cingerezi otanthauza kashiamu ndi kumatirira. M'zaka zomwezo Gerald Edelman ndi anzake ku New York anapeza ina yochedwa N-CAM, ya njira ija yosafuna kashiamu, imene ipezeka kwambiri pa maselo a mitsempha.

Yerekezani cadherin ngati kamkono kotulukira pa khungu la selo, kokhala ndi mfundo zisanu zotsatana. Kashiamu amakhala pa malo olumikizira mfundozo ndi kukalimbitsa kuti kaime njo. Mukacotsa kashiamu, kamkonoko kamalefuka ngati luzi lonyowa, ndipo sikathanso kugwira kanthu. Ici ndico cimene Herbst anaona osadziwa dzina lake. Nsonga ya kamkono ka selo limodzi imakola nsonga ya kamkono ka selo loyandikana nalo. Kugwirana kwa timikono tiwiri tokha nkofooka, ndipo akuluakulu anati cala cimodzi siciswa nsabwe. Koma tikandandalika tambirimbiri ngati mano a zipi, maselo awiriwo salekana msanga. M'kati mwa selo, tsinde la kamkonoko linamangiriridwa ku timaulusi tolimba ta selolo ndi mapuloteni ena ochedwa catenin, dzina locokera ku liu la Cilatini lotanthauza unyolo. Cotero selo limodzi likadzikoka, mphamvu yake imafika kwa mnzake, ndi kwa winanso, kufikira muyalo wonse upindika.

Cadherin siiri ya mtundu umodzi. M'thupi la munthu muli mitundu yoposa 100. Itatu yodziwika kwambiri ndi E-cadherin, ya pa khungu ndi pa makoma a m'kati mwa ziwalo. N-cadherin, ya mu ubongo ndi mu mtima. Ndi P-cadherin, imene inayamba kupezeka pa nsengwa, ciwalo cija codyetsa mwana m'mimba. Mtundu uliwonse umakonda makamaka kugwira unzake wofanana nawo.

Pofuna kutsimikiza zimenezi, a gulu la Takeichi anatenga maselo a mbewa a mtundu wina amene mwacibadwa sagwirana. Mu 1987 anawapatsa jini ya E-cadherin, ndiko kuti kacigawo ka malangizo a cibadwa kouza selo m'mene lingapangire puloteniyo, ndipo maselowo anayamba kugwirana. Mu 1988 anapatsa ena jini ya E ndi ena ya P, nawasakaniza, ndipo magulu awiriwo analekana. Mu 1994 Steinberg ndi Takeichi anayesa maselo okhala ndi cadherin ya mtundu umodzi, koma ena yambiri, ena yocepa. A yambiri anasonkhana pakati, a yocepa nakhala kunja, monga momwe Steinberg ananenera zaka 31 m'mbuyomo.

Tsopano tiyeni tibwerere ku mluza, tione nchito zitatu zimene manja amenewa agwira: kugwira, kusintha kagwiridwe, ndi kuleka.

Nchito yoyamba: kugwira

Mluza wa mbewa ukafika pa maselo 8, selo lirilonse limakhala lobulungira ndipo lioneka palokha, ngati masuku oikidwa mu mbale. Kenaka, m'maola owerengeka cabe, maselowo amakumbatirana ndi kufinyana kufikira malire ao saonekanso bwino. Imene icititsa zimenezi ndi E-cadherin. Pambuyo pake maselo akunja amapanga khoma losadontha, napopera madzi m'kati, ndipo mluza umasanduka kampira ka mphako. Khoma lakunjalo ndilo lidzamatirira ku ciberekero ca mai ndi kupanga nsengwa, pamene kagulu ka maselo kotsala m'kati ndiko kadzakhala mwana. Kwa munthu, kampira kameneka kamapangika pa tsiku lacisanu.

Mu 1994 akatswiri a ku Germany anakonza miluza ya mbewa yopanda jini ya E-cadherin. Miluzayo inalephera kumanga khoma lija, ndipo inafa isanamatirire ku ciberekero. M'caka comweco Janet Heasman ndi anzake anacepetsa cadherin m'mazira a cule wa mtundu wa Xenopus, amene kwao ndi kuno ku Africa, kum'mwera kwa cipululu ca Sahara, ngakhale kuti tsopano awetedwa m'nyumba zofufuzira za maiko ambiri. Maselo a miluzayo anagawika ndithu, koma sanagwirane bwino, ndipo mphako ya m'kati inaonongeka. Apa muona kuti popanda kugwirana, moyo uthera pa ciyambi pomwe.

Nchito yaciwiri: kusintha kagwiridwe

Tanena kuti khungu ndi ubongo zicokera ku muyalo umodzi. Zilekana bwanji? Pa msana pa mluza, kucokera kumene kudzakhala mutu kufikira kumene kudzakhala mcira, maselo a pakati pa muyalo wakunja amatalika napanga kanjira kosalala. Kanjirako kamapindika nikakhala ngalande, m'mphepete mwake mumatukuka, ndipo mbali ziwirizo zimakumana pamwamba ndi kumatana. Tsono ngalande yasanduka paipi. Paipi imeneyi imadukana ndi muyalo wakunja nimira pansi pake, ndipo khungu limatseka pamwamba. Mbali ya kutsogolo ya paipiyo imatupa nikhala ubongo; yotsalayo ndiyo mtsempha waukulu wa m'kati mwa fupa la msana.

Mu 1986 Kohei Hatta ndi Takeichi anaona cimene cicitika pa nthawiyi mu mluza wa nkhuku. Poyamba maselo a muyalo wonse ali ndi cadherin ya mtundu wa E. Koma amene adzapanga paipi amaleka kupanga mtundu wa E nayamba kupanga wa N, pamene a khungu amasunga E. Cotero amene anali gulu limodzi akhala magulu awiri, lirilonse logwirana lokhalokha, ndipo kusinthaku kumathandiza kuti alekane bwino. Mu dzira la nkhuku zimenezi zicitika m'masiku awiri oyamba a kufungatira. Kwa munthu paipiyo imatsekeka pofika tsiku la 28, nthawi imene amai ambiri sanadziwe nkomwe kuti ali oyembekezera.

Nchito yacitatu: kuleka

Pa mzere paja pamene mbali ziwiri za ngalande zikumana pali maselo ena odabwitsa, amene akatswiri awacha neural crest. Ife tiwache maselo apaulendo. Paipi ikamatsekeka, maselo amenewa amacepetsa cadherin imene inawamanga kwa anzao, natayana nao, nayamba ulendo wopita ku mbali zonse za thupi. Woyenda afunika mapazi oponda pansi. Mapazi a maselowa ndi mapuloteni ena ogwira ochedwa integrin, amene anapatsidwa dzinali mu 1986. Kusiyana kwake ndi uku: cadherin imagwira selo linzake, koma integrin imagwira makamaka timaulusi toyalidwa pakati pa maselo, monga fibronectin, timene tiri ngati njira yolambulidwa. Selo limagwira kutsogolo, limadzikoka, limaleka kumbuyo, ndipo limagwiranso kutsogolo. Ambiri a maselowa akafika kumene apita amayambanso kupanga cadherin, nagwirana, nakhazikika.

Amene anatsata ulendowu bwino koposa ndi Nicole Le Douarin, mai wa ku France. Mu 1969 anaona kuti maselo a zinziri ali ndi cizindikiro cowasiyanitsa ndi a nkhuku pa maikulosikopu. Cotero anayamba kuboola zigoba za mazira, kucotsa kacidutswa ka paipi ija mu mluza wa nkhuku, ndi kuikapo kofanana nako ka mluza wa zinziri. Pambuyo pake anali kufufuza kumene maselo a zinziri anafika. Anawapeza m'mafupa a kumaso ndi a nsagwada, m'mitsempha yoyendetsa matumbo, m'mitsempha yomva kukhudza, ndi m'khungu. Anapiye ena oyera anaswedwa ali ndi nthenga za mtundu wa zinziri m'mapiko, pakuti maselo opanga mtundu wa khungu ndi nthenga nawonso ndi apaulendo.

Cizindikiro ca ulendo umenewu muciona tsiku ndi tsiku pamudzi. Yang'anani galu wakuda kapena mbuzi ya mawanga. Kawirikawiri malo oyera amakhala ku mapazi, pa cifuwa, pa mimba, pa mphumi ndi ku nsonga ya mcira. Malo amenewa ndi akutali kucokera pa msana pamene ulendo unayambira, ndipo maselo opanga mtundu sanafikeko. Koma musasokoneze zimenezi ndi khungu la anzathu acialubino. Kwa iwo maselo anafika pa malo ake onse. Cimene cicepa ndi utoto umene maselowo apanga, ndipo ici ndi cibadwa cotengera kwa makolo onse awiri.

Pamene nchito siyenda bwino

Nchito yovuta cotere nthawi zina imaphonyeka. Paipi ija ikalephera kutsekeka ku mapeto ake, mwana amabadwa ndi cotupa kapena bala pa msana, ndipo miyendo yake ingakhale yofooka. Zocititsa ndi zambiri, koma madokotala anatsimikiza kuti vitamini yochedwa folic acid imacepetsa kwambiri ngozi imeneyi. Ncifukwa cake alangiza kuti mai amwe mamaikulogalamu 400 a vitaminiyi tsiku lirilonse, kuyambira asanaime kufikira miyezi yoyamba ya mimba. Vitaminiyi ipezekanso mu ndiwo za masamba obiriwira, mu nyemba ndi mu nshawa. Kumbukirani tsiku lija la 28: wodikira kuti mimba ionekere ndiye kuti wacedwa.

Nkhope nayo imapangika ndi zigawo zimene zimakula kucokera m'mbali, nizikumana pakati ndi kumatana pofika sabata lacisanu ndi ciwiri. Kangalande kali pakati pa mphuno ndi mlomo wanu wapamwamba kali pa malo a msonkhano umenewo. Zigawozo zikapanda kumatana, mwana amabadwa ndi mlomo wong'ambika. M'mabanja ena ocepa, cocititsa cinapezeka kuti ndi colakwika mu jini ya E-cadherin. Si ufiti, si tsoka, ndipo si cilango kwa mai. Madokotala amatha kusoka mlomo wotere, ndipo mwanayo amakula ndi kuphunzira monga wina aliyense. Ngati m'kalasi mwanu muli mnzanu wotere, tsopano mudziwa cifukwa cake, ndipo mulibe cifukwa comuseka.

Manja a maselo sapuma ngakhale munthu atakula. Mukadziceka ndi mpeni, maselo a m'mphepete mwa bala amamasula kagwiridwe kao, nakwawa kukatseka mpata, ndipo akakumana amagwirananso. Koma pali matenda amene amatsegula njira ya ulendo pa nthawi yolakwika. Maselo a khansa ya mitundu yambiri amataya E-cadherin, nacoka pa malo ao, napita kukamera m'ziwalo zina. Mu 1998 Parry Guilford ndi anzake ku New Zealand, pogwirizana ndi banja lina lalikulu la Amaori limene linataya abale ambiri ndi khansa ya m'cifu, anapeza kuti odwalawo anabadwa ndi jini ya E-cadherin yolakwika. Kucokera pamenepo, anthu a m'mabanja otere atha kupimidwa magazi ndi kuthandizidwa matenda asanakule. Nzeru imene inayambira pa siponji ndi mazira a cule yafika populumutsa anthu.

Zofunika kukumbukira

Thupi linamangidwa ndi maselo, ndipo maselowo amagwirana ndi mapuloteni a pa khungu lao, makamaka cadherin, imene ifuna kashiamu kuti igwire nchito. Maselo a cadherin yofanana amasonkhana pamodzi, ndipo ogwirana zolimba amakhala m'kati. Mluza umapeza maonekedwe ake cifukwa selo lirilonse limagwira woyenera kumugwira, limasintha kagwiridwe pa nthawi yake, ndipo ena amaleka anzao kuti akagwire nchito kutali. Ili ndilo yankho la funso lathu la mwanapiye.

Zocita mukamaliza kuwerenga

1. Swerani dzira m'mbale mosamala, ndipo mupeze kadontho koyera pa cacikasu. Jambulani cimene muona.

2. Khutcumulani madzi ndi mafuta m'botolo. Werengani mphindi zimene zipita kufikira ziwirizi zitalekana.

3. Tengani pepala, mulipinde likhale ngalande, kenaka mukumanitse mbali zake likhale paipi. Sonyezani pamene maselo apaulendo acokera.

4. Pitani pa bwalo. Aphunzitsi apatse theka la kalasi timapepala ta cilembo E, ndi theka lina ta cilembo N. Sakanikiranani, ndipo likalira belu aliyense agwire dzanja la mnzake wa cilembo cofanana ndi cake. Bwerezani masewerawa, koma tsopano a N agwirane ndi manja onse awiri ndi kukokana pafupi, pamene a E agwirana ndi dzanja limodzi mosalimba. Onani gulu limene likhala pakati.

5. Nthawi ya dzinja, tungani mazira ocepa a cule pa dambo pamodzi ndi madzi ake, muli ndi munthu wamkulu. Asungeni pa mthunzi, muwajambule tsiku lirilonse kufikira ambululu atatuluka, ndipo muwabwezere kumene munawatenga. Sambani m'manja ndi sopo mukamaliza.

Mafunso

1. Kodi mluza nciani?

2. Henry Wilson anaona ciani atasefa siponji pa nsalu?

3. Fotokozani kusiyana kwa ulimbo ndi cadherin.

4. Cifukwa ciani maselo amaphwasuka mukacotsa kashiamu?

5. Chulani ziwalo zitatu zimene maselo apaulendo athandiza kupanga.

6. Cifukwa ciani agalu ambiri akuda ali ndi mapazi oyera?

7. Cifukwa ciani mai ayenera kuyamba kumwa folic acid mimba isanaonekere?